Mwana wanga akufuna udokotala, kodi ndimupezere kampu ya sayansi pa holide?

Mayi wina wa ku Salima wanditumizira funso ili: mtsikana wawo wa zaka 14 wangomaliza kulemba JCE, amangoti ndidzakhala dokotala, ndiye anaona pa Facebook kuti ku America ana amisinkhu yake amapita ku makampu a zachipatala nthawi ya holide, amavala makoti oyera, kuphunzira kuyeza BP ndi zina zotero. Akufunsa ngati zimenezi kuno ziliko, komanso ngati nkoyenera kugulitsa mpunga wina kuti mwana apite.

Mayi, mpunga usagulitsidwe kaye.

Makampu amenewo kunja amachitika June mpaka August chifukwa ndiyo holide yawo yayitali, ndipo ambiri ndi olipira ndalama zankhaninkhani. Kuno kwathu ziliko koma pang'ono. Yunivesite ya sayansi ya MUST ija ya ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014, yakhala ikuchititsa kampu ya sayansi ya atsikana a ku sekondale, ndipo mu 2017 pompo panachitikira kampu ya WiSci yomwe inasonkhanitsa atsikana ochokera m'mayiko angapo a mu Africa muno ndi a ku America. Zoterezi nthawi zambiri uthenga wake umadzera kusukulu, ndiye pitani mukaonane ndi ahedi kapena aphunzitsi a sayansi, muwauze kuti kukamveka chilichonse dzina la mwana wanu lisaiwalike. Koma chenjerani ndi mapositala oyenda pa WhatsApp aja akuti tumizani ya fomu pa nambala iyi malo atsala ochepa, opanda adiresi, opanda dzina la sukulu yomwe ikukonza, amenewo ndi akuba basi.

Tsono funso lenileni nali: kampu imam'patsa chiyani mwana? Imamuonetsa ntchitoyo pafupi, kuti aone ndi maso ake osati zongomva. Ndipotu zimenezo ku Salima kuno mutha kuzipeza osakwera basi ya ku Blantyre.

Muyambe ndi labu ya pachipatala. Mwana wa zaka 14 sangaloledwe kumazungulira mu wodi, ndipo nzoyenera kutero, odwala ali ndi chinsinsi chawo komanso kuli matenda opatsirana. Koma kalabu ya sayansi ikapempha mwaulemu, kalata yochokera kwa ahedi kupita kwa akuluakulu a zaumoyo a m'boma, kugulu ndi aphunzitsi awo, ola limodzi mu labu ndi lotheka. Mmenemo ndi mmene muli zinthu. Aone mmene kadontho ka magazi amakapakira pa kagalasi, kuumitsa, kuthira mankhwala opatsa mtundu, kenako ayike diso pa mayikulosikopu aone kachilombo ka malungo kali ngati kamphete mkati mwa selo lofiira. Aone dzira la likodzo mu mkodzo, lili ndi kaminga kumapeto kwake, ndiye wina amufotokozere kuti tizilomboti timakulira mu nkhono za m'madzi omwewa amasambamo ku Senga Bay, nkulowa pakhungu. Mwana amene waona zimenezi Bayoloje ya Fomu 3 sadzailoweza ngati ndakatulo ayi, adzaimva.

China chosavuta kwambiri, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Amayenda m'midzi, sikelo ya ana, katemera, kuthira klorini m'madzi nthawi ya kolera. Mupempheni mwana akhale nawo pa tsiku la sikelo, azithandiza kulemba kapena kuyika anthu pamzere. Ena amaiderera ntchito imeneyi koma ine ndimati mwana amene watopa ndi kulira kwa makanda m'mawa umodzi wokha aganize bwino za udokotala, chifukwa kumenekonso nzomwezo tsiku ndi tsiku, kuphatikiza usiku.

Komanso musamutsekere pa udokotala wokha. Ana athu amadziwa ntchito zitatu, dokotala, nesi, loya, kwatha. Pomwe pano tili ndi malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitala, za mpunga ku Lifuwu, magetsi a sola a 60 MW omwe anayamba kugwira ntchito mu 2021, ku Dwangwa kuli fakitale ya shuga ndi ya ethanol komwe Kemisitiri imagwira ntchito tsiku lililonse. Ku nkhalango ya Nkhotakota anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, ndipo amene ankazibaya mankhwala ogonetsa nkumaziyang'anira kapumidwe anali madokotala a zinyama. Yonseyo ndi sayansi.

Koma mayi, chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: holide ino ya pakati pa Fomu 2 ndi Fomu 3 ndi imene ana ambiri amatayira udokotala osadziwa. Akatsegulira mu September amasankha maphunziro, anzake amamuuza kuti Fizikisi ndiyovuta, Kemisitiri imawononga mapointi, tenga zophweka, iye nkusiya. Pofika Fomu 4 wakhoza bwinobwino MSCE koma pa fomu yofunsira malo ku yunivesite ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, pulogalamu yomwe amaifuna sakuyenera. Ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo yomwe inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, udokotala umafuna makirediti osachepera 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo Masamu, Bayoloje, Fizikisi ndi Kemisitiri azikhala amphamvu kwambiri chifukwa olimbirana malo ndi ochuluka. Akalowa ayamba ndi chaka chokonzekera chotchedwa premed kenako zaka 5, ndiye mumuuziretu kuti ndi ulendo wautali. Njira zina ziliponso, Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba komwe amaphunzitsa makiliniko ofesa ndi ena, makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ngati ku Nkhoma, koma konseko sayansi adzaifunsa ndithu.

Ndiye mukapita kwa ahedi paja, mufunsenso ngati sukuluyo imaphunzitsa Fizikisi ndi Kemisitiri mpaka Fomu 4, ngati ili ndi mphunzitsi wake, komanso mapulakitiko amachita bwanji, pakuti ma CDSS ena alibe labu. Ngati yankho silikukhutiritsani, ndalama ya mpunga ija ndi pamene ingagwire ntchito, mabuku a Fomu 3, mapepala a mayeso akale a MANEB, kalukuleta yabwino, mwinanso mphunzitsi wa patitaimu wa Masamu, kapena kuyamba kufufuza malo pa sukulu ina holide isanathe.

Iwe mtsikana, ngati amayi akuwerengera izi, tenga kope limodzi uzilembamo chilichonse wachiona ku labu ndi ku sikelo, ndi mafunso amene sanakuyankhe. Mafomu a makampu ambiri amafunsa kuti ufotokoze chifukwa chiyani ukufuna sayansi, ndipo wolemba za dzira la likodzo limene analiona yekha amaposa wolemba kuti ndikufuna kuthandiza anthu.