Nkhalango ikapsa, atayepo ndani?

Achimwene, mgwirizano wa ndalama za kaboni umene abwera nawo m'mudzi mwanuwo musalole kuti amfumu adindepo chala usanawerengedwe m'Chichewa pabwalo, chifukwa ife kuno kufupi ndi phiri la Mvai tinalira nawo. A bungwe limene linabwera nawo kuno anatiuza kuti mtengo ukamakula umayamwa mpweya wa kaboni ndipo tani iliyonse yosungidwa m'nkhalango imagulidwa ndi makampani akunja, zomwe ndi zoona. Tinafesa m'machubu, amayi akutunga madzi kudambo, ndipo tinadzala mibawa ndi mthethe pamalo a mudzi.

Mwezi wa Okutobala anyamata osaka mbewa anayatsa tchire, moto unalumpha njira imene tinalambula, ndipo tinauzima ndi nthambi zaziwisi mpaka usiku, utsi uli m'maso. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi msonkhano umene unatsatira. Mnyamata wa bungwelo anatulutsa pepala la Chingerezi nawerenga ndime yonena kuti mitengo ikapsa mpweya wabwerera m'mlengalenga, choncho palibe malipiro, ngakhale a mitengo imene inapulumuka, kufikira adzayezenso. Ine ndinali mlembi wa komiti. Mayi wina wamasiye, amene anapereka mbali ya munda wake, anaimirira nandiloza chala pamaso pa apongozi anga, kunena kuti ndalamazo ndadya ndine, ndipo pamene ndinkafuna kuyankha alendowo anali atakwera kale galimoto. Anthu amenewa ankadziwa bwino lomwe kuti tchire la ku Ntcheu limapsa chaka ndi chaka, koma chiopsezo chonse anachisenzetsa mlimi wosauka, iwo n'kutsala ndi zithunzi zokongola za nazale yathu.

Apa ndi pamene boma liyenera kulimba mtima. Pangano la ku Paris la 2015 limalola malonda amenewa m'ndime 6, dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango pofika 2030, ndipo mu 2023 linakhazikitsa Malawi Carbon Markets Initiative, ndondomeko yoyendetsera malonda a kaboni. Vuto ndi lakuti mpweya wochokera ku mafuta umakhala m'mlengalenga zaka mazana, pamene mtengo ungapse tsiku limodzi kapena kuuma ndi chilala monga cha 2024, pamene maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pangozi. Malamulo alembedwe modziwa kuti zina zidzalephera ndithu. Gawo la matani liziikidwa padera ngati nkhokwe yobwezera zimene zapsa, thukuta la anthu lizilipidwa chaka ndi chaka posadikira woyeza, ndipo mtengo wa tani usamangidwe pa kwacha, imene inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Malamulowo aziunikidwanso pakapita zaka zochepa, poti kayezedwe ka kaboni kakusinthabe.

Komabe alendowo musawapirikitse, ndipo mitengo dzalani ndithu ngakhale ndalamazo zitachedwa, chifukwa damu la Mpira limene limatipatsa madzi akumwa limadalira nkhalango yomweyi. Pepalalo mupite nalo ku ofesi ya zankhalango kuboma, mufunse kuti moto ukabuka atayepo ndani, ndipo yankho lake lilembedwe m'mgwirizanomo anthu onse akumva.