Kwa anyamata akwathu amene mwayamba ganyu yomanga ndodo zowedzera ku Durban

Dzulo usiku ndili pakhonde kuno ku Santhe yandipeza voisi ya pa WhatsApp kuchokera kwa mwana wa mlongo wanga amene anapita ku Durban chaka chatha, mawu ake ngati kwagwa maliro. Akuti malume andipusitsa, ndinagula paketi ya magayidi (timphete todutsamo chingwe pa ndodo) kwa munthu wina pamsika akuti ndi a Fuji, ndamangira ndodo ya kasitomala ya mafiti 14, sabata ziwiri zokha kamphete kamkati kang'aluka, kadula braid (chingwe cholukidwa chowedzera), nsomba yapita ndipo mwini wake akufuna ndalama zake zonse. Ndinayamba ndaseka kaye, osati kumuseka iyeyo ayi, koma poti dzenje limeneli ndinagweramo ine ndemwe. Ndinakhala zaka 7 kukachipinda kakumbuyo kwa shopu ya zowedzera ndikukulunga ulusi mpaka maso kuchita chidima, ndiye mverani, iwe mphwanga ndi anzako a ku Chamama, Mtunthama ndi Kamwendo amene mwalowa ntchito yomweyi.

Kwathu kuno tinakula ndi nsungwi, chingwe kumanga kunsonga, nyongolotsi pa mbedza, kukakhala pa Bua kudikira mlamba. Ndodo yotere ilibe timphete ndiye tikafika kumeneko timaona ngati magayidi ndi zokongoletsa chabe, kuti bola bulanki, ndodo yeniyeniyo isanamangidwe kanthu, ikhale yabwino. Bodza. Chingwe chimayenda m'timphete timeneti, ndipo madzi amchere ndi braid ziwirizi zimaulula wakuba aliyense.

Choyamba, kamphete kamkati. Braid ndi yopyapyala, imatola timchenga, ndiye ikamathamanga pa kamphete kotchipa imakacheka pang'onopang'ono mpaka kupanga kamsewu, kamsewuko ndi kamene kamadzadula chingwe tsiku limene munthu wakola nsomba yaikulu. Kwa a Fuji, amene ndi kampani ya ku Japan, mudzamva mayina atatu awa a mitundu ya timphete tamkati, Alconite, SiC ndi Torzite, mtengo ukukwera motsatana chomwecho. Alconite imakwanira bwinobwino ndodo zambiri, SiC ndi ya munthu amene amawedza sabata iliyonse ndipo ali nazo, Torzite ine ndinaigwirapo kangapo kokha. Dzina lodindidwa pachitsulo musalikhulupirire palokha, akuba nawonso amadinda. Ngati mtengo wa paketi yonse ukufanana ndi wa gayidi imodzi ya m'shopu, mukufunsanso chiyani? Musanamange chilichonse tengani kathonje kotokosera m'makutu muzungulitse mkati mwa kamphete kalikonse, pakakhala mng'alu thonje limakodwa ngakhale diso lisanaone. Chitsulo chake chikhale stainless weniweni kapena titanium kwa wandalama, titanium sachita dzimbiri komanso ndi wopepuka. Zabodzazo zimangopakidwa kunja, mwezi umodzi wamchere phazi lake limafiira pansi pa epokisi, guluu wothira pamwamba pa ulusi womangira gayidi.

Ndipo mudziwe chifukwa chake amatisankha ifeyo. Wogulitsayo amamva kalankhulidwe kako, amadziwa kuti mwina masiku 30 amene anakudindira pa Beitbridge anatha kalekale ndipo sungapite kupolisi kukadandaula za magayidi. Gulani m'shopu yopereka lisiti basi, lisitilo musunge, mukamuonetse kasitomala.

Chachiwiri, musayambe kugula musanafunse kuti bwana muikapo rilo yanji. Ine ndinaphunzira izi ndi manyazi. Rilo ya grinder imakhala pansi pa ndodo, chingwe chimatuluka chikupanga mikombero, ndiye gayidi yoyamba imafunika yaikulu yamiyendo yaitali, saizi 40 kapena 30 pa ndodo zazitali za kugombe, kenako kumatsika pang'onopang'ono. Rilo ya multiplier imakhala pamwamba, magayidi ake ndi aafupi koma ochulukirapo kuti ndodo ikapindika chingwe chisakhudze bulanki. Mukasokoneza ziwirizi ndodo imaponya pafupi ngati ya mwana. Kwa anthu a braid ine ndinkakonda aja amati ma K, miyendo yake inaweramira kutsogolo ndiye mphepo ikakulunga chingwe chimadzivula chokha. Komanso musachepetse kwambiri timphete takutsogolo pofuna kuti ndodo ioneke ya smati, anthu aja amamanga lida yokhuthala, chingwe cholumikiza kunsonga kwa braid, ndipo mfundo yake iyenera kudutsa posakodwa, pa ndodo zolemera ine sindinkatsika kupitirira saizi 12.

Za kaikidwe sindichulutsa. Mamatizeni kaye ndi tepi, lowetsani chingwe, mangirirani ku mwendo wa tebulo, pindani ndodo muone. Chingwe chizitsata kupindika kwa bulanki, paliponse pamene chapanga kona yakuthwa sunthani kapena onjezerani gayidi. Mapepala a miyeso aja ndi poyambira chabe, bulanki iliyonse ili ndi khalidwe lake.

China, phazi la gayidi mulipale ndi fayilo likhale lotsetsereka, apo ayi ulusi sukwera bwino ndipo nsonga yake imadzaboola bulanki. Kamphete kakunsonga mumatize ndi guluu wosungunula pamoto, osati supa guluu, chifukwa ndi kamene kamathyoka kawirikawiri ndipo mudzafuna kukachotsa.

Chachinayi kaya chachisanu, epokisi. Muyezo ndi wofanana mbali zonse ziwiri, yezani ndi masirinji osati ndi maso, mukaphonya siuma, imakhala yomata mpaka kalekale. Apa ndi pamene mtima umandiwawabe. Mu 2022 magetsi ankazima kangapo patsiku kumeneko, ine ndinasiya ndodo zitatu zikuzungulira pa kamota usiku, magetsi kuthima, epokisi yonse kutsetserekera mbali imodzi ngati mamina. Bwana wanga, amene anakana kugula kabatire kakang'ono ngakhale ndinamuuza kawiri konse, anandidula malipiro a sabata yathunthu ndipo ntchito yopala ndi kumanganso ndinagwira Lamlungu osalandira kanthu. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaona kaye ndandanda wa magetsi, zikavuta ndinkakhala pomwepo ndikutembenuza ndi manja maola awiri atatu.

Koma bwanayo ndi nkhani yaing'ono. Chimene sindiiwala ndi mnyamata wina wakwathu konkuno, sinditchula mudzi, ndinamulandira atangotsika basi alibe ndi bulangete lomwe, anagona pansi m'chipinda changa miyezi inayi, ndinamuphunzitsa kukulunga ulusi ndi manja angawa. Atangodziwa pang'ono anayamba kuzemba kukatenga makasitomala anga aganyu yapambali pa theka la mtengo, akumanga ndi magayidi amumsewu omwewa. Zitayamba kuthyoka anthu aja sankatchula dzina lake, ankangoti ndodo za aMalawi. Panapita pafupifupi chaka kuti ena abwerere kwa ine. Pano tikakumana pa Chinkhoma amandipatsa moni wa manja awiri ngati palibe chinachitika.

Mukafuna kukayesa ndodo kugombe ndi nyambo khalani ndi pemiti yowedzera, ndipo nsomba ya shad musaigwire kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala, ndi yotsekedwa. Nthawi zinazo ndi zinayi zokha patsiku, zosachepera masentimita 30. Kwa mwini dziko imeneyo ndi nkhani ya faindi, kwa iwe akayamba kufunsa pemiti mafunso otsatira ndi a pasipoti.

Ndiye mphwanga, kasitomala ujayo usamuthawe ndipo usasinthe nambala. Muuze abweretse ndodoyo, uchotse magayidi onse osati yong'alukayo yokha, popala epokisi yakale mpeni uziyenda pamwamba pa phazi la gayidi usakhudze bulanki, ugule a Alconite ndi ndalama zako, ndipo braid yake umubwezere ngakhale pang'onopang'ono. Ukakulunga gayidi yoyamba unditumizire chithunzi usanathire epokisi ndione. Mayi ako akuti ndikukumbutsenso za feteleza uja, mvula yayandikira.