Podcast ya technology transfer yadutsa ma episodi 100, nanga ife tikutolapo chani?

Imelo yabwera kuchokera kwa achimwene ena omwe amaphunzitsa pa yunivesite ina kuno kwathu. Akuti amamvera AUTM on the Air, podcast ya AUTM (bungwe la ku America la anthu ogwira ntchito ya technology transfer m'mayunivesite) yomwe amayendetsa mayi Lisa Mueller, ndipo aona kuti inadutsa kale ma episodi 100. Funso lawo ndi loti chosangalalira apa n'chani poti nkhani zake zambiri ndi za ku America, kodi sakungotha bandulo?

Achimwene, bandulo yanu sikupita pachabe, bola mudziwe chomwe mukutchera khutu.

Ntchito ya technology transfer ndi yotenga chomwe wofufuza watulukira mu labu, kuchiteteza ndi patenti (chikalata cha boma choletsa ena kuchipanga popanda chilolezo) ngati n'koyenera, kenako kusaka kampani yoti ichitenge pa laisensi n'kuchipanga mpaka chifike pamsika. Koma anthu ambiri omwe amaigwira sanachite kuiwerengera ku koleji ayi, wina anali wasayansi, wina loya, wina wabizinesi, onse anaiphunzirira pantchito pomwepo, ndiye nzeru zake zambiri zili m'mitu mwa anthu osati m'mabuku. Apa ndiye pali phindu la ma episodi 100 aja. Ndi anthu ambirimbiri ofotokoza pakamwa mmene amakambirana mtengo ndi kampani, mmene amamuuzira pulofesa kuti chomwe watulukira palibe angachigule popanda kumukhumudwitsa, ndi chomwe amachita akaona kuti laisensi yagona kwa kampani yomwe sikuchita nayo kanthu.

Dzina lomwe mumalimva pafupifupi episodi iliyonse ndi Bayh-Dole. Ndi lamulo la 1980 lomwe anakankha masenata Birch Bayh ndi Bob Dole, lolola mayunivesite kukhala eni ake a zomwe atulukira ndi ndalama za boma. Lisanabwere, boma la America linali ndi mapatenti pafupifupi 28,000 koma omwe makampani anatenga sankafika ndi 5 pa 100 aliwonse. Bungwe la AUTM lenilenilo linayamba mu 1974, lamulolo lisanabwere.

Chomwe ndimakuchenjezani ndi nkhani za jakipoti. Yunivesite ya Stanford inapereka laisensi ya PageRank, njira yosanjira masamba a pa intaneti, kwa Google n'kulandira masheya omwe inadzagulitsa madola 336 miliyoni mu 2005, University of Florida imadyabe za chakumwa cha Gatorade chomwe chinatulukiridwa kumeneko mu 1965. Zimakoma kumva, eya, koma maofesi ambiri ngakhale ku America komweko sapeza ndalama zokwana kulipira antchito ndi maloya awo, ndiye mukapita kwa abwana anu n'kulonjeza kuti ofesi yotereyi ithetsa mavuto a ndalama a yunivesite, mudzachita manyazi.

Ngati mukufuna chitsanzo chapafupi, yang'anani ku South Africa. Iwo anapanga lamulo lawo mu 2008, pali ofesi yotchedwa NIPMO yoliyang'anira, ndipo lamulolo limanena poyera kuti wotulukira alandire zosachepera 20 peresenti ya marandi 1 miliyoni oyamba omwe chinthucho chabweretsa, kenako zosachepera 30 peresenti ya phindu lotsala. Mfundo ngati imeneyi ndi yomwe wofufuza amafuna kuiona yolembedwa asanakuuzeni chinsinsi chake. Ndipo pankhani yolembetsa, Malawi ndi membala wa ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loona za mapatenti lomwe likulu lake lili ku Harare, komwe mukhoza kupempha patenti kamodzi n'kusankha mayiko angapo.

Komanso musaganize kuti kwathu kuno sizinachitikepo. Makina a Pumani bCPAP othandiza makanda obadwa masiku osakwana kupuma anapangidwa ndi a Rice University mogwirizana ndi madokotala a pa Queen Elizabeth ku Blantyre, oyambirirawo anagwiritsa ntchito timapampu ta m'mathanki owetera nsomba za m'nyumba, kenako kampani ya 3rd Stone Design ya ku California inatenga laisensi n'kuyamba kuwapanga ambiri. Palibe analemera nazo ngati a Google, koma makinawo ali m'zipatala. Ine ndikamamvera ma episodi amenewa ndimasaka nkhani za mtundu uwu.

Ndiye mukamamvera, dumphani zoyamikirana zija, mugwire pomwe akukamba za fomu yomwe wofufuza amadzaza kudziwitsa ofesi kuti watulukira chinthu, ndi nthawi yomwe amaidzaza. Anzathu ambiri amathamangira kusindikiza pepala kapena kukaonetsa ku konferensi chifukwa promoshoni imayendera mapepala, osadziwa kuti akatero chinthucho chasiya kukhala chatsopano pamaso pa lamulo. Ku America amakupatsa chaka chimodzi chokhululuka, ku Europe mwayi wotero kulibe, ukalankhula pagulu usanalembetse patenti yapita basi. Fomu imeneyo mukhoza kuilemba nokha pa tsamba limodzi n'kuipereka kwa a dini wa fakate yanu, sizidikira kuti yunivesite itsegule ofesi kaye.