Kodi Timu Yanga Ndinasankha Bwino?

FUNSO: Ndife anthu asanu ndi atatu kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ndipo tangomaliza kusankha osewera mu Fantasy Premier League Draft, masewera a pa intaneti omwe munthu amasankha osewera a mu ligi ya ku England n'kumapeza mapointi malinga ndi mmene asewerera. Anzanga akuti timu yanga ndi yofooka chifukwa ndinayamba ndi otchinga kumbuyo, kuphatikizapo Reinildo Mandava. Kodi timu imayezedwa bwanji?

YANKHO: Achimwene, musayeze timu ndi mayina otchuka okha. Pa osewera 15 amene mwasankha, werengani kaye amene amayamba masewero sabata iliyonse, popeza wokhala pabenchi sabweretsa kanthu. Otchinga kumbuyo musawapeputse: akagoletsa amapeza mapointi 6, pamene wakutsogolo amapeza 4, ndipo timu yawo ikapanda kugoletsedwa amawonjezera 4 ngati asewera mphindi 60. Komabe, mu Draft wosewera aliyense amakhala wa munthu mmodzi yekha, choncho mukachedwa kutenga osewera akutsogolo, amene ndi atatu okha pa timu, mumatsala ndi ofooka. Apa anzanuwo ali ndi mfundo.

Za Reinildo ndikumvetsa, ndi mwana wathu, woyamba wa ku Mozambique kusewera mu Premier League. Kumbukirani kuti Mambas, timu ya dziko la Mozambique, ikamuitana ku AFCON (mpikisano wa mayiko a mu Africa) ligi ili mkati, mudzafunika womulowa m'malo, ndiye yang'anirani mndandanda wa osewera otsala.