Ndikupita ku Britain, kodi laisensi ya kuno ndiisiye?

FUNSO: Ndine namwino komanso mzamba, ndipo ndagwira ntchito m'chipatala china cha boma kwa zaka zingapo. Panopa ndikukonzekera kukagwira ntchito ku Britain. Anzanga akuti ndisadzivutenso kulipira laisensi ya kuno chifukwa kumeneko akandipatsa ina. Kodi akunena zoona?
Namwino wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, anzanuwo akukufunirani zabwino, koma malangizo awowo musawatsate. Satifiketi yomwe munalandira ku koleji imasonyeza kuti munaphunzira unamwino, pomwe chilolezo chogwira odwala chimachokera ku bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe limagwira ntchito pansi pa lamulo la anamwino ndi azamba la 1995. Chilolezo chimenechi chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo pokonzapo mumalipira ndalama komanso mumaonetsa kuti mwapitiriza kunola luso lanu kudzera m'maphunziro a CPD.

Chifukwa chachikulu chosungira laisensi yanu ndi chakuti bungwe la ku Britain la Nursing and Midwifery Council silikalemba dzina lanu m'kaundula wake lisanamve kuchokera ku bungwe la kuno lija, lomwe lili ku Lilongwe, kuti ndinudi namwino wovomerezeka komanso kuti mulibe mlandu wokhudza ntchito. Tangoganizani munthu amene wakhoza mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, wakhozanso mayeso a pakompyuta a CBT, ndalama zake zapita kale, kenako fayilo yake n'kuima chifukwa kaundula wa kwawo akusonyeza kuti anasiya kulipira. Zoterezi zimapweteka, chifukwa zotsatira za mayesowa zili ndi nthawi yake yothera, ndipo sizidikira kuti munthu akonze zakumbuyo.

Mukafika kumeneko n'kukhoza mayeso oonetsa luso a OSCE, musayembekezere kuti zokonzanso chiphaso zatha. Kuyambira mu Epulo 2016, namwino aliyense ku Britain amatsimikiziranso kuyenera kwake pakatha zaka zitatu zilizonse. Amasonyeza kuti wagwira ntchito maola 450 ndipo wachita maphunziro owonjezera a maola 35, omwe 20 mwa iwo amakhala ophunzira limodzi ndi anzake, kuphatikizapo ndemanga zisanu zochokera kwa odwala kapena ogwira nawo ntchito ndi zolemba zisanu zolingalira za ntchito yake. Kumeneko unamwino ndi uzamba zimalembetsedwa padera, choncho wofuna kusunga zonse ziwiri amafunika maola 900. Kabuku kanu ka CPD, komwe akulu anu a pawodi amasainamo mukamaliza phunziro, kakuzolowetsani kale mwambo umenewu, ndiye musakataye.

Pali chinanso chimene ndikufuna muchidziwe. Dziko la Malawi lili pa mndandanda wa mayiko omwe boma la Britain limaletsa olemba ntchito kukakopako anthu azaumoyo, chifukwa choti kuno ndi ochepa. Inu nokha mukhoza kufunsira ntchito mwachindunji, koma munthu wobwera n'kumati akupezerani malo mukamupatsa ndalama mumuope.

Musananyamuke, pitani kapena lemberani ku khonsolo ya anamwino ndi azamba ya kuno ija, muwauze kuti mukutuluka kunja, ndipo mufunse mmene mungalipirire muli kutali. Malisiti onse muwajambule n'kuwasunga pa imelo yanu, popeza tsiku lomwe mudzafune kubwerera kudzagwira ntchito kuno adzakhala oyamba kufunidwa.