Yankho kwa amene anafunsa za mawu oti mkwatibwi ndi chitengwa

Achimwene mwafunsa kuti mawu oti mkwatibwi anachokera kuti, ndiye yankho lake ndi losavuta, mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa, koma akale ankati kukwatibwa ndiye mkwatibwi ndi uja wakwatibwayo basi. Ukwati, mkwati, chikwati, zonsezi muzu wake ndi umodzi.

Chitengwa chikuchokera ku kutengwa, mkazi watengedwa kupita kukakhala kwa mwamuna. Ife amang'anja kuno ku Chikwawa mwambo wathu weniweni ndi chikamwini, mwamuna ndi amene amasamuka nkukamanga kwa akazi nkumalima munda wa apongozi, pomwe anzathu achisena ku Nsanje uko amapereka lobola ndipo ana amakhala a kuchimuna. Lobolayo si mawu athu ayi, ndi a chizulu ndi chingoni, ukulobola.

Chinkhoswe ndi cha ankhoswe, amalume aja amapatsana tambala ndi msoti, omwenso mumakawadzutsa usiku zikavuta m'banjamo. Koma anyamata a lero chinkhoswe angochisandutsa pate ya ma spika ndi ma sutu, ine zimandinyansa bwanji.

Perekani-perekani nde musafunse, dzina likunena lokha, tulutsani kaye ma K1000 aja.