Mazira a nkhuku zapakhomo: kutola, kusunga ndi kudziwa lovunda

Mayi, mwafunsa ngati mazira okhala ndi zitosi muziwatsuka musanasunge, komanso kuti amakhala masiku angati asanawonongeke. Musawatsuke. Apa ndi pamene anthu ambiri amawonongera mazira awo poganiza kuti akuchita zaukhondo.

Chigoba cha dzira chili ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Thadzi likamaikira, dzira limatuluka lonyowa pang'ono, ndipo chinyezi chimenecho chikauma chimamata timabowo tija kuti tizilombo tisalowe. Mukatsuka mwachotsa chomatacho. Choipa kwambiri ndi madzi ozizira: zam'kati mwa dzira zimafinyika ndi kukokera madzi akudawo m'kati, pamodzi ndi tizilombo ta m'zitosi monga Salmonella, toyambitsa kutsekula m'mimba ndi kusanza. Dzira likadetsedwa pang'ono, lipukuteni ndi kansalu kouma. Likadetsedwa kwambiri, litsukeni ndi madzi ofunda, otenthako kuposa dziralo, n'kuliphika tsiku lomwelo.

Komatu ukhondo weniweni umayambira m'khola. Chisa chimodzi chikwanire nkhuku 4 kapena 5, chotalika masentimita 30 mbali zonse, pamalo amdima pang'ono. Muziyalamo udzu wouma, utuchi kapena mankhusu a mpunga, n'kumasintha zikanyowa. Nkhuku zisamagone m'zisa usiku, chifukwa ndi usiku pamene zimachita zitosi zambiri; zipachikireni mtengo wogonapo wokwera kuposa zisazo. Tolani mazira kawiri patsiku, chakumasana ndi madzulo.

Ngati muli ndi tambala, monga zimakhalira ndi nkhuku zachikuda kapena mikolongwe, kutolaku n'kofunika koposa. Dzira la thadzi loyenda ndi tambala kudya kwake n'chimodzimodzi, lilibe vuto, koma likakhala pamalo otentha kwambiri kapena thadzi likalifungatira kwa masiku angapo, kamwanapiye kamayamba kukula, ndipo mudzapezamo timitsempha ta magazi. Mazira amene mwawapeza patchire kapena kuseri kwa nkhokwe simudziwa tsiku limene anaikiridwa, choncho musawaphatikize ndi anzawo.

Posunga, lembani tsiku pa chigoba ndi pensulo, ndipo yambani kudya akale. Aikeni m'thireyi mbali yosongoka ili pansi. Kumbali yotakata kuli kathumba ka mpweya, ndipo kakakhala pamwamba chikasu chimakhazikika pakati osakhudza chigoba. Malo ake akhale ozizira, amthunzi, kutali ndi mbaula. Asayandikane ndi palafini, sopo, anyezi kapena usipa, chifukwa fungo limalowera m'timabowo tomwe tija. Mazira osatsuka amatha kukhala sabata ziwiri m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, koma mu Okutobala, makamaka ku Chikwawa, Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja, musapyole sabata imodzi. M'firiji amafika sabata 4 kapena 5. Koma dziwani ichi: dzira lozizira likatuluka limachita thukuta, ndipo chinyezicho chimathandiza tizilombo kulowa. Ngati kwanuko magetsi amazimazima nthawi yaitali, kuli bwino kuwasunga kunja ndi kudya msanga kusiyana n'kuti azizizira n'kumafundanso.

Poyesa ngati dzira ndi latsopano, thirani madzi m'kapu yaikulu n'kuikamo dziralo. Latsopano limamira n'kugona chammbali. Lomwe lakhalitsako limaima pansi mbali yotakata ili m'mwamba, chifukwa madzi am'kati akhala akuuluka ndipo kathumba kaja kakula. Limeneli liphikeni lero. Loyandama litayeni. Muyesowu umangonena zaukale wa dzira, osati ngati muli tizilombo, ndipo popeza lanyowa musalibwezerenso m'thireyi. Chizolowezi chabwino n'kuswera dzira lililonse m'kambale pa lokha musanalithire m'chiwaya kapena mu ufa wa mandasi. Lovunda fungo lake silibisika. Kadontho kamodzi ka magazi pa chikasu si kanthu, kachotseni ndi sipuni. Losweka kapena long'aluka kalekale musadye.

Kwa ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala, dzira lipse mpaka chikasu chiume. Zomwa dzira laliwisi zija, chonde zisiyeni.

Zigoba zikamatuluka zofewa kapena zikamasweka mwachangu, nthawi zambiri nkhuku zikusowa kashiamu, mchere womanga chigoba, pajatu madeya okha alibe wokwanira. Onjezerani chakudya cha nkhuku zoikira, kapena kazingani zigoba zakale n'kuzisinja bwinobwino, kenako muzipatse nkhukuzo. Musaziponye zathunthu, nkhuku zingaphunzire kujompha mazira. Chitopa nachonso chimabweretsa mazira ofewa ndi opindika, ndiye katemera asamaphonyedwe. Ndipo ngati nkhuku zikumwa mankhwala, werengani papaketi kapena funsani alangizi a ziweto masiku oyenera kudikira musanadye kapena kugulitsa mazira ake.